Makina amene ndinasankha pogogoda

Mwezi watha mdzukulu wanga Tamanda anabwera kudzanditenga kuti tipite ku Limbe ndikamuthandize kusankha makina ochapira zovala. Ake akale anafa, ndipo chifere makinawo amene akumuchapira paganyu ndi mayi wina wamasiye woyandikana naye, a Nagama. Akuti, "Agogo, si munali dobi inu? Zimenezi mukuzidziwa." Ndinamuyankha kuti bondo likundipweteka, koma bondolo linalibe mlandu. Zoona zake n'zakuti ine ndinasankhapo makina ochapira kamodzi kokha moyo wanga wonse, ndipo anzanga ochepa amene atsala ndi moyo akandiona amayamba aseka kaye asanandipatse moni.

Zinachitika m'zaka za m'ma fifite, chitaganya chitangoyamba kumene. Ndinali dobi kunyumba ya bwana wamkulu pa esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje. (Ana a lero, dobi ndi munthu wochapa ndi kusita zovala za azungu. Musaseke, inali ntchito yosiririka.) Anzanga akunyowa ndi chiperoni m'munda, dengu la tiyi lili kumsana, ine ndinali pakhonde la kuseri, simbi ya makala ikundiwotha m'manja. Koposa zonse, ntchitoyo inali ndi nyumba yake ku malayini, ya njerwa, ya chitseko ndi zenera. Ndinali nditangokwatira Esitere, ndipo nyumba imeneyo ndi imene inandipulumutsa kuti ndisakakhale pachikamwini kwa apongozi ku Chinakanaka. Ntchito ikanatha, nyumbanso ikanatha tsiku lomwelo, ndipo zimenezi ndinkazidziwa bwino.

Makina amene ndinawapeza pamenepo anali mgolo wa matabwa wa miyendo inayi. Pambali panali chopukusira, pamwamba mipini iwiri yofinyira madzi. Umathira madzi otentha ndi sopo wopala ndi mpeni, n'kuyamba kupukusa mpaka mapewa kumva. Ndinkawakonda makina amenewo. Mmawa nkhungu ikamatsika m'phiri, belu la kufakitale litalira, ine ndinkapukusa uku ndikuimba nyimbo za Chilomwe zimene ankaimba bambo anga pofotokoza za ulendo wawo wochokera kwa Apwitikizi. Fungo la sopo uja ndimalimvabe nthawi zina, ndikamadutsa pamene amayi ayanika zovala.

Koma matabwa ndi matabwa. Mgolo unayamba kudontha, kalipentala anamata ndi phula kawiri, ndipo tsiku lina pansi pake panangobooka, madzi onse ndi masokosi a bwana n'kukhuthukira kumapazi anga.

Dona, mkazi wa bwana, anandiitana. Anali ndi pakati potopa, osakhoza kukwera lole. Anandiuza m'Chinyanja chake chodukaduka kuti banja lina la azungu cha ku Thuchila likubwerera kwawo ndipo likugulitsa katundu, komanso anzawo aperekako makina awo kuti agulitsidwe pamodzi.

"Iwe chapa, iwe dziwa, iwe sankha," anatero dona. "Mwana bwera, matewera ambiri. Ine funa makina olimba. Makina oipa, ine funa dobi wina."

Mawu otsirizawo ndinawamva bwino kuposa ena onse. Ndinati mumtima, ndikasankha olimba kwambiri kuti ntchito yanga ilimbenso.

Nanga munthu amadziwa bwanji makina olimba? Sukulu ndinalekezera Sitandade 2. Koma ndinali ndi nzeru imodzi yakuba. Apongozi anga anali woumba miphika wodziwika, ndipo pa tsiku la msika ku Chinakanaka ndinkawaonerera chapatali (mkamwini sayandikira apongozi, mwina lero zinasintha). Wogula akabwera, iwo ankanyamula mphika n'kuugogoda ndi chala chopinda. Mphika wopsa bwino umalira kuti ngwii, wong'aluka umangoti phwa. Ndinaona kuti ngati njirayi imagwira pa dothi, palibe chifukwa choti ikanike pa chitsulo.

Tinanyamuka pa lole ya esiteti ndi dalaivala wathu, Che Ajibu, Myao wa zaka zake, munthu wosayankhulayankhula. Titafika tinapeza makina atatu atandandalikidwa pa kapinga pakati pa mipando ndi mabedi. Ndinapinda manja a malaya kuti aliyense aone kuti kwabwera katswiri.

Oyamba anali a matabwa, mbale wake wa makina athu akufa aja. Ndinagogoda, anati phwa. Ndinapukusa mutu. Achiwiri anali a malata okhuthala, a chopukusira chachitali chofewa bwino. Ndinagogoda, anati kho, kulira kwake kwa pakatikati. Achitatu anali oyera mbee ngati mbale ya dona, a miyendo ya timatayala, opanda chopukusira, koma kunsi kwake kuli kainjini kakang'ono. Nditagogoda, analira ngwii, mpaka mayi wina wachizungu amene ankayesa mpando anatembenuka. Ndinagogodanso kawiri, kungofuna kumva kukoma.

Che Ajibu anandikokera pambali. "Achimwene, tengani a malatawa. Makina opanda chopukusira safuna manja a munthu."

"Ndicho ndikufunacho, Che Ajibu. Mapewa angawa apumeko."

"Apumadi," anatero, n'kupita kukakhala mu lole.

Ndinafunsa ngati panali wodziwa kuyendetsa makinawo, ndipo anandiitanira mkulu wina amene ankapalira maluwa. Anabwera khasu lili paphewa, matope mpaka m'mawondo, n'kunena kuti iye ndiye anali dobi wa panyumbapo. (Munthu wanzeru akanafunsa kuti nanga dobi akutani ndi khasu. Ine ndinali kalikiliki kudziyang'ana nkhope pa chitsulo choyera chija.) Mkuluyo anandionetsa pothira petulo wosakaniza ndi oyilo, kenako anaponda kachitsulo ka pansi. Injini inatsokomola, inalira kanthawi, n'kuzima yokha. Inazima chifukwa petulo anali wochepa. Ine ndinaganiza kuti makina anzeru chonchi akamaliza ntchito amadziwa okha kuima, choncho za kazimitsidwe sindinafunse.

Tinafika pa esiteti dzuwa likupendeka. Dona anawazungulira makinawo, anakondwa, n'kunena kuti ndisawakhudze mpaka makaniko wa kufakitale abwere mmawa. Atatero anapita kukagona pang'ono. Che Ajibu anapita kukamwa tiyi kwa khukhi.

Vuto linali lakuti mbiri inali itafika kale ku malayini. Posakhalitsa kuseri kwa mpanda kunadzaza anthu ochokera kumunda, madengu akadali kumsana, ndipo pakati pawo panali Esitere atavala chilundu chake chatsopano. Wina anafuula kuti, "A dobi, tionetseni mzungu wanu watsopanoyo." Mkazi wako akuyang'ana, anthu akudikira, ungati bwanji tidikire makaniko?

Ndinathira madzi otentha ndi sopo. Ndinaikamo makabudula a khaki a bwana ndi nsalu yaikulu ya patebulo, imene inali ndi banga la vinyo limene linandikanika miyezi itatu. Petulo ndinatenga mu galaja n'kudzaza thanki mpaka pakamwa, kuti mlendo asadandaule njala. Kenako ndinaponda kachitsulo kaja. Koyamba zii, kachiwiri zii, kachitatu injini inabangula, utsi wabuluu kuti tolo, agalu a bwana n'kuthawira kunsi kwa nyumba. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaima manja m'chiuno, kuchita ngati ndakhala ndikuyendetsa injini chibadwire.

Chimene ndinaiwala n'chakuti simenti ya khonde lochapira inali yotsetsereka kuti madzi azipita kunja, ndipo makinawa anali ndi timatayala. Anayamba kunjenjemera, kenako kusuntha pang'onopang'ono kulowera kumapeto kwa khonde. Ndinawagwira, anandikoka. Ndinaponda kachitsulo kaja poganiza kuti chimene chadzutsa chigonekanso, koma injini inangokalipa. Ndinawalankhula m'Chinyanja, ndinawalankhula m'Chilomwe, mpaka ndinayesa mawu awiri achingerezi amene bwana ankauza agalu. Thovu linali likusefukira pansi ndipo mapazi anga ankaterereka.

Apa m'pamene ndinaganiza zoti ndiwakhalire kuti alemere. Ndinadumphira pa chivindikiro. Abale, musadzakhalire chinthu chimene chili ndi injini kunsi komanso madzi otentha m'kati. Mano anga ankagundana, chisoti chinagwa, ndipo makina sanasamale n'komwe kuti anyamula munthu. Tinatsika limodzi kasitepe ka khonde, tinadutsa kanjira ka njerwa, n'kukalowa m'munda wa maluwa a dona, aja ankawathirira yekha ndi dzanja lake. Timatayala tinatitimira m'dothi, makina anaima pamenepo koma akuvinabe, ine pamwamba, minga ya maluwa ikundikanda akakolo. Kuseri kwa mpanda anthu anali atagwa pansi ndi kuseka. Esitere anadziphimba kumaso ndi chilundu, ndipo mpaka anamwalira ankaumirira kuti ankandilirira. Mapewa ake ndinawaona ine, sikunali kulira kumene kuja.

Che Ajibu anatuluka kukhitchini kapu ili m'manja, osathamanga. Anawerama, anakhudza kachitsulo kena kakang'ono pafupi ndi pulagi, basi injini zii. Anamwako tiyi wake n'kubwerera.

Nditatsika, ndinapeza dona ataima pakhonde, dzanja lili pamsana. Ndinaona nyumba yanga ya zenera ikundichoka. Ndinagwada m'matope momwemo, ndikukonza mawu opepesera. Dona anayang'ana maluwa ake osweka, anayang'ana ine, kenako anabwera n'kutsegula chivindikiro. Anakoka nsalu ya patebulo ija, anaitambasula padzuwa. Banga la vinyo kunalibe. Anayang'ana wotchi ya pamkono pake kwa kanthawi ndithu.

"Dobi," anatero, "iwe sankha bwino kwambiri."

Ndinakondwa mpaka misozi. Madzulo amenewo ndinayenda ku malayini chifuwa patsogolo, ngakhale kuti kukhala pansi kunali kovuta.

Makaniko anabwera n'kuika njerwa kunsi kwa timatayala. Mwana anabadwa, matewera anachulukadi, koma makina aja ankamaliza pa ola limodzi ntchito imene inkanditengera kuyambira mmawa mpaka masana. Sanafe, sanadonthe, sanadwale malungo. Patapita miyezi iwiri dona anaona kuti khukhi akhoza kumaponda kachitsulo kaja akudikira buledi kuti apse, ndipo mayi wolera mwana akhoza kumasita mwanayo akagona. Anandiuza mwaulemu kuti ntchito ya udobi yatha, anandipatsa jekete lakale la bwana ndi kalata yonena kuti ndine munthu wokhulupirika. Kapitawo anandipatsa khasu. Pamene ndinkaliika paphewa ndi pamene ndinakumbukira mkulu wa ku Thuchila uja.

Nyumba ya njerwa inali ya antchito a m'nyumba ya bwana, choncho tinasenza mphasa ndi miphika ulendo wa ku Chinakanaka. Apongozi anatilandira bwino, anationetsa pomanga. Uthenga wawo unandipeza kudzera mwa Esitere, iwo ali kuseri kwa nkhokwe, koma mawu anawakweza dala kuti ndimve ndekha.

"Umuuze mwamuna wakoyo kuti khutu ali nalo, kugogoda anagogoda bwino. Koma miphika imene ndimagulitsa ine imadikira mwini wake kuti aphikemo. Yodziphikira yokha sindinaumbepo."

Ndinakhala pamudzi umenewo zaka zambiri, ndipo sindinganame, zinali zaka zokoma. Ana athu onse anabadwira pamenepo. Komabe mmawa wa chiperoni ndinkasowa mgolo wanga wa matabwa ndi nyimbo zija. Ndinamva kuti makina oyerawo anagwira ntchito mpaka azunguwo anapita kwawo, ndipo pogulitsa katundu anthu anawalimbirana.

Tamanda sanamve za bondo, anandikweza galimoto. Mu sitolo ya ku Limbe makina anali atafola mizere iwiri, onse oyera, opanda ndi chopukusira chomwe. Wogulitsa atatembenuka, chala changa chinapinda chokha (ukalamba suchiritsa chilichonse). Ndinagogoda oyamba, ngwii. Achiwiri, ngwii. Onse mpaka kumapeto kwa mzere ankalira bwino kwambiri.

"Nanga agogo, titenge ati?"

"A Nagama aja ali ndi ana angati?" ndinafunsa.

"Anayi. Bwanji?"

"Palibe. Makinawa onse ndi ong'aluka, mwana wanga. Tiyeni tizipita, tidzabwere chaka chamawa."