Mtanda wa Muwanga

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Kulemba ndinaphunzira ndevu zitamera kale, ndiye ndiilembe manja asanakaniretu.

Zinali zaka za m'ma 1950, ndili mkamwini kufupi ndi Nambuma. Mlongo wake wa mkazi wanga, a Filipo, ankandilimitsa ngati ng'ombe, n'kumanditcha tambala wobwereka. Tsono akatekisiti atasankha iwowo kukhala Yesu pa sewero la Njira ya Mtanda, n'kutuma ine kukasema mtandawo, mtima wanga unaseka.

"Mupeze mtengo wouma, wopepuka," anatero akatekisiti.

Ndinakadula muwanga wauwisi. (Amene munadulapo muwanga mukudziwa kuti ngakhale nkhwangwa imadandaula.)

Lachisanu Loyera a Filipo anausenza. Atagwa koyamba anthu anati akusewera bwino, koma podzuka phewa linali litasupuka, magazi ake enieni. Ine ndinali m'khamu, mutu pansi ngati wopemphera, chonsecho ndikubisa mano.

Amene anayenera kukhala Simoni, wothandiza Yesu kusenza, atauona mtandawo analowa m'chimanga osatulukanso. Akatekisiti anandigwira dzanja.

"Bwerani inu. Poti mwasema ndinu, mukuudziwa."

Ndinaudziwadi. Ndinagwa pamalo pamene buku silinena kuti Simoni anagwa. Ndikudzuka, kabudula anang'ambika kumbuyo, ana n'kuyamba kuseka pakati pa nyimbo yachisoni. Ndinagwanso, ndipo ndinamva mayi wina akufunsa mnzake, "Kodi lero akukapachikidwa ndani?"

A Filipo, chisoti chaminga chili kumutu, anawerama n'kundinong'oneza.

"Alamu, muwangawu mwadula kudimba kwanga, eti? Sunthirani kunsongako. Kolemeraku ndisiyireni."

Anausenza mpaka pachulu pomwe tinkati pa Gologota. Phewa lija silinabwererenso mwakale. Mpaka imfa yawo khasu ankaligwira mopendekera, ndipo sanauze aliyense chifukwa chake.

Ansembe amalalikira kuti chimene chinalemera Ambuye ndi machimo athu. Ena amamva ngati fanizo chabe. Ine ndinachita kusema ndi manja angawa, kulemera kwake ndikukudziwa, ndipo ndinaona kuti wolakwiridwayo ndiye anasankha mbali yolemera. Chaka chilichonse pompsompsona mtanda m'tchalitchi, ine ndimamva fungo la muwanga wauwisi.

M'mawa mwake mwa sewero lija ndinalawirira kwa a Filipo kuti ndikapepese. Ndinawapeza pakhonde, akazi awo akuwathowa phewa ndi madzi otentha. Ndinapereka moni, anayankha, anadikira. M'malo mopepesa ndinangowapitirira n'kulowa m'munda mwawo kukawathyolera fodya.