Bwato la boma la Che Sabiti

Kwathu kuno ku nyanja ya Chiuta munthu amadziwika ndi ntchito imodzi, koma malemu Che Sabiti anali nazo zitatu, ndipo ya tsiku limenelo inkatengera kuti wa boma amene watulukira padoko ndani. Zoona zake tonse tinkazidziwa: anali mlenje wa abakha am'thengo, wotchera misampha m'mabango. Bwato lawo linali lalikulu zedi, losemedwa ku mtengo wa mbawa umene anakagwetsa okha kuphiri osapempha munthu, ndipo ankalisamala kuposa mano awo, amene anali atatsala owerengeka.

Masiku amenewo a boma oona za nsomba, a nkhalango ndi a nyama zakutchire ankayenda payekhapayekha, aliyense pa njinga yake yamoto, ndipo sankauzana kanthu. Akabwera a Idrisa a nsomba nyengo yoletsa usodzi, Che Sabiti ankatukula abakha m'mwamba n'kunena kuti iwo ndi mlenje, nsomba saidziwa ngakhale fungo. Akabwera a Festus a nkhalango kudzafunsa za mbawa, iwo ankasanduka waganyu wowolotsa anthu, bwato n'kukhala la mkulu wina wa ku Mozambiki amene dzina lake linkasintha mwezi uliwonse. Akabwera mayi Ophelia a nyama zakutchire, abakha ankabisidwa pansi pa ukonde wong'ambika umene sunagwirepo matemba chiugulireni.

"Ine ndine msodzi, mayi."

"Nanga ukonde wanuwo bwanji ukulira?"

"Nsomba za m'malire zimatero. Zinazolowera moipa."

Ndiye chaka china tinamva kuti maofesi atatu aja awaphatikiza, tsopano akhala denga limodzi ndi galimoto imodzi. Alenje anzawo anada nkhawa, ena mpaka kukwirira misampha kumunda. Che Sabiti anangoseka, amvekere anthu atatu amene sapatsana moni sangakwanire m'galimoto imodzi.

Anakwaniramo, abale anga. Galimotoyo inaima padoko m'mawa wina Che Sabiti akungokocheza kumene, abakha ali mbwee m'bwato. A Idrisa anatsika n'kupereka moni kwa mlenje. Mayi Ophelia anapereka moni kwa msodzi. A Festus anafunsa ngati bwana wa ku Mozambiki wadzuka bwino. Kenako atatuwo anayang'anana, ife pamchenga tikudziluma milomo kuti tisaphulike.

Che Sabiti anakonza chisoti chawo.

"Chonde, bwererani kaye kumsewu, muzibwera mmodzimmodzi ngati kale. Zounjikanazi si ulemu iyayi."

Sizinathandize. Bwato limodzi linapezeka ndi milandu itatu, ndipo mayi Ophelia, amene anali mkulu wa gululo, analamula kuti lilandidwe. Apa kuseka kunatithera. Nkhalamba ija inakhala pansi pamchenga n'kugwira m'mphepete mwa bwato ndi manja onse, ndipo ine zinandipweteka mumtima chifukwa tinali tisanawaonepo atasowa mawu.

Koma bwatolo linakana kukwera. Linali lalitali kuposa galimoto yomwe, ndipo amuna onse a padoko mwadzidzidzi anadwala msana. Mayi Ophelia anayang'ana bwato, anayang'ana mwini wake, n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo ndi katundu wa boma, Che Sabiti alisunge mpaka lole idzabwere, koma msampha usadzapezekemo. Che Sabiti anadandaula kuti bwato likakhala pamtunda limang'aluka ndi dzuwa. Mayiwo anati ngati ndi choncho lizikhala m'madzi.

Kuyambira pamenepo tinaona zina. Che Sabiti ankapalasa m'mawa uliwonse, ati kuyendera katundu wa boma, ndipo wofuna kukwera ankayamba watsuka mapazi. Akazi awo, Abiti Juma, anauzidwa kuti tsopano anakwatiwa ndi munthu wa muofesi, aziwapatsira tiyi m'kapu yagalasi. Misampha anaisiyadi. Abakha anachuluka mpaka kumatera pamphuno pa bwato, iwo n'kumawatukwana m'Chiyao kuti akanakhala masiku akale akanawadziwa.

Chimodzi chokha sankachiseka. Lole ikalira kumsewu, kaya ya makala kaya yodzagula nsomba zouma, ankadukiza nkhani pakati n'kutchera khutu mpaka phokoso lizimirire. Zaka zonse zimene anakhala pambuyo pake ankagona akudziwa kuti mawa akhoza kudzuka opanda bwato.

Anatisiya dzinja lapitali, atadwala masiku ochepa. Padoko pano tsopano pazizira. A boma akabwera aliyense amangonena ntchito yake yeniyeni, nkhani n'kutha, ndipo timabalalika osaseka. Bwato lili pomwepo m'madzi osaya, palibe wolikhudza.

Tsiku la sadaka yokumbukira malemuwo galimoto ija inabwera, atatu onse ali momwemo. Abiti Juma anawagwadira n'kunena kuti malemu anasiya mawu akuti katundu wa boma ali bwinobwino, lole ikhoza kubwera. Mayi Ophelia anaweramitsa mutu n'kuyankha.

"Amayi, loleyo sitinaiitanitse n'komwe. Ine ndinkayesa akudziwa."