Matumba a M'kompyuta

Pulani inabadwira pa kachasu wa mayi Dalesi ku Utale, chaka cha 1991. Mwini pulaniyo anali Sidik, wodzitcha Injiniya chifukwa anasesapo mu ofesi ya kampani ina ya feteleza ku Balaka.

"Magaye, kuthyola loko n'kwachikale," anauza anzake awiri, Uladi, wotchedwa Nyalugwe, ndi Yoram, wotchedwa Chimimba. "Chiphaso chotulutsira feteleza amachilemba pa kompyuta. Ndinkawaonerera akalaliki, mayi Elsie. Chimakina chija chili ndi matumba, thumba a, thumba b. Umadula dzina la mwini katundu n'kuliponya m'thumba, lako n'kumata pamenepo. Mlonda adzatitsegulira yekha geti!"

"Matumbawo ndi a makilogalamu angati?" anafunsa Chimimba.

"Iwe ingomwa."

Lachisanu masana, mlonda ali ku mzikiti, akalaliki ku nkhomaliro, atatuwo analowera pawindo. Chiphaso cha munthu wina chinali chotsegula kale. Injiniya anapinda malaya, n'kudina chilembo d kawiri. Dzina la mwini katundu, zii!

Koma makinawo anali ndi mitima iwiri: ukapanda kuwauza kuti alembe, chilembo amachitenga ngati lamulo. Injiniya atalemba "Sidik", S uja anameza mzere wina wonse, pagalasi n'kutsala "idik".

"Idik ndi ndani? Ukufuna kudyetsa wachibale wako?" anakalipa Nyalugwe. "Lemba tonse, maina enieni athunthu, ndi mudzi womwe!"

Injiniya analemba, thukuta lili kamukamu. Panja panalira njinga yamoto.

"Fufuta, tithawe!" anatero Nyalugwe.

Anavutika, mpaka mzere uja unadulika. Koma Chimimba, pofunafuna matumba kuseri kwa makina, anatsamiza chala pa chilembo p. Ndiye p ntchito yake n'kumata zimene wadula. Maina anabwerera ngati linthumbu, galasi lonse tho!

"Tulukamo m'chiphasomo, maina asaoneke!" anakuwa Nyalugwe.

"Iyayi, khomo lake sindinaonepo!" anayankha Injiniya.

Windo linali pululu, koma angasiye bwanji maina awo? Mayi Elsie ndi mlonda anawapeza akadadula mzere umodziumodzi, Chimimba akuthandiza ndi p yemweyo.

Mayiwo anasindikiza zonse, chipepala n'kufika pakhomo. Wapolisi amene anabwera anali wosathamangira ntchito. Anakhala pampando, n'kuyamba kuitana maina kuchokera pamwamba pa chipepalacho.

"Uladi Laisi, mudzi wa Chande!"

"Ndilipo, bwana."

"Yoram Kachingwe!"

"Ndilipo, bwana."

Dzuwa linapendeka akadayankha maina omwewo, mzere ndi mzere, mawu atasasa. Wapolisi anapempha madzi, n'kufunyulula chipepala chotsala.