Chingwe cha a Dikirani

Malemu a Dikirani sankalola munthu kukhudza pulinta ya pa ofesi. Ngakhale kutsokomolera pafupi, ankati ukuidwalitsa. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe: ukafika ndi ntchito yako, asanakuyang'ane n'komwe, "Dikirani." Ndiye unkadikiradi, chiimire, iwo akunyambita chala, kulowetsa pepala limodzilimodzi m'chimakina chija cholira ngati macheka.

Tisawanamizire ubwino poti anapita, anali munthu wowawa pakamwa. Zonse zotuluka m'pulinta ankaziwerenga mokweza. Kalaliki wina atasindikiza pempho la tchuthi, anamufunsa pagulu, "Amalume anu omwe aja amwaliranso? Koma bambowa satopa." A Dikirani anauzanso mayi wolandira alendo kuti zolemba zake zikununkha sukulu yosamaliza. Mayiyo anakalirira kuchimbudzi, ndipo sanaiwale.

Tsiku lina abwana anabweretsa kompyuta yatsopano. Ananena poyera kuti pulinta ikakana kugwirizana nayo ikatayidwa, ndipo mwini pulinta naye akapume kunyumba. A Dikirani anagwada kuseri kwa tebulo ndi chingwe chawo cha mutu waukulu ngati chikhatho, kufunafuna polowetsa. Timabowo tonse tinali ting'onoting'ono. Anakankha, anatembenuza, anapala m'mbali ndi tupa. Anakagula kolumikizira kumsika, kompyuta n'kungoti pulintayo siikuidziwa. Thukuta linali kamukamu.

"Zikutheka, achikulire?" anafunsa mayi uja, akumwa tiyi pakhomo.

"Dikirani."

"Ifetu tinazolowera."

M'mawa mwake analengeza kuti zatheka, koma makina akale sakonda maso a anthu, ndiye chitseko cha kachipinda kawo chizikhala chotseka. Zoona zake n'zakuti kompyuta yakale sanaibweze kosungira katundu. Anaibisa kuseri kwa kabati, ndipo chilichonse chimene anthu atumiza pa yatsopano, iwo ankachitaipanso pa yakale ndi zala ziwiri, liwu ndi liwu, n'kusindikiza. Kumbuyo kwa yatsopanoyo anangomatako chingwe china ndi selotepi kuti pazioneka bwino.

Mayi uja anazitulukira sabata yomweyo atasuzumira pazenera. Iye sanawauze abwana, koma ena onse anawanong'oneza. Apa ndiye ofesi yonse inagwidwa matenda olemba. Malipoti amene kale ankakwana tsamba limodzi anatupa. Mkulu wowerengera ndalama ankatumiza manambala okhaokha, masamba ndi masamba. Wina anatumiza malamulo onse a kampani, ati akuwafuna pofika masana.

"Bwanji pulinta ikuchedwa masiku ano?"

"Ikuganiza," ankayankha a Dikirani, maso ali psuu.

"Nanga dzina langa yalilakwitsa bwanji?"

"Ndi ukalamba. Tumizaninso."

Ankatumizansodi, atawonjezera ndime ziwiri. A Dikirani anasiya nkhomaliro, anasiya tiyi, ngakhale kunyoza anthu anasiya, poti nthawi yowerenga mokweza inalibepo. Mumtima ankadzitama kuti ntchito aipulumutsa ndipo palibe akudziwa. Khosi linayamba kusambira m'kolala ya malaya.

Patapita miyezi ingapo, anagwa Lachinayi lina masana pampando pomwepo, ndipo kuchipatala sanakhalitseko.

Atabwerako kumaliro, abwana anatsegula chitseko chija n'kupeza makompyuta awiri ndi chingwe cha selotepi. Kenako anaitana mayi uja n'kumufunsa za pulinta yatsopano imene anaitanitsa miyezi yapitayo ataona kuti yakale ikuchedwa.

"Paja ndinati ikafika muwapatse mkuluyu, muwauzenso kuti ntchito yawo siikutha. Sinafike?"

"Inafika kalekale," anatero mayiyo, maso ali pansi. "Ili kunsi kwa kauntala yanga. Tinkafuna tisekeko kaye pang'ono."

Lero pulintayo ili pakati pa ofesi, aliyense amangodina yekha, pepala n'kutuluka mwakachetechete. Kachipinda ka malemu palibe wavomera kukhalamo. Nthawi ya tiyi, wina akayamba nkhani ya a Dikirani kuti anthu aseke, anzake amanyamula makapu awo n'kukamwera kumatebulo kwawo.