Lipenga la Malemu

Lolemba

Loweruka kuli chikondwerero cha nyanja ku Chipyela. Mpikisano wa mabwato, chionetsero cha nsomba, magule a chioda ndi malipenga. Chaka chino ndikaonera ndekha, mwamuna wanga tinamuika mwezi watha.

Lipenga lake la chikho likadali pamsomali. Ndikufuna likalire pamzere wa gule wa ku Mbungo, pamene iye ankaima. Mnzake, a Barnaba, avomera kuliimba. Vuto ndi limodzi: kansalu kotseka kabowo, kamene kamanjenjemeretsa mawu, kanang'ambika. Makolo ankamatapo kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake pakhoma.

Zofunika: kangaude, phula, kudekha. Zosavuta!

Lachiwiri

M'nyumba muno mulibe kangaude ndi mmodzi yemwe. Amayi a mpingo atabwera kudzandikhazika pamaliro anasesa mpaka kudenga. Zaka zonsezi bamboyo ankandiletsa kusesa ngodya ya kuchipinda, ine n'kumadandaula. Lero ndayang'ana kuseri kwa kabati, pansi pa bedi, m'mabuku. Mbee! Mulungu awadalitse amayiwo, koma anaonjeza.

Lachitatu

Ndikuyenda khomo ndi khomo ku Yofu, kupempha kusuzumira kuseri kwa makabati a eni.

Mayi wina: "Ndiye mwaona kuti uve uli kwa ine?"

Wina, monong'ona koma ndikumva: "Chisoni chawalowa m'mutu aphunzitsi."

Ndabwera ndi chinangwa, usipa wouma, mapemphero awiri. Kangaude ayi.

Lachinayi

Ndakapeza kansalu kaja! M'shedi yosungira maukonde ku Mbungo, koyera bwino, kukula ngati chikhadabo. Ndinawerengapo buku lathunthu la akangaude, koma palibe tsamba lonena kamatulidwe kake. Ndakamatula ndi mpeni, tiana ta kangaude tili balala kukwera m'mikono mwanga. Ndakaika m'buku la nyimbo kuti kawongoke.

Madzulo: kamatirira pa nyimbo ya Pasaka. Ndakoka. Kang'ambika, ndi vesi yachiwiri yomwe.

Lachisanu

Ndawafotokozera a Barnaba. Aseka mpaka kukhosomola.

"Alamu, kangaude tinasiya kalekale! Timadula jumbo ya shuga. Amuna anu ndiwo anatiphunzitsa."

Jumbo! Nanga ngodya ija ndinkaisiyiranji? "Ankangowakonda akangaudewo," akutero. Munthu ukhala naye mpaka imvi, osakuuza.

Amangapo kapulasitiki, ayesa. Lalira! Ndathawira kukhitchini, ndati utsi wandilowa m'maso. Moto ndinali ndisanakoleze.

Loweruka

Chipyela yadzaza. Ana avala zipewa za mapepala zooneka ngati mbuna, tinsomba tamitundu tija. Ndanyamula lipenga ndekha, a Barnaba ali kovala yunifolomu yoyera.

Pachipata mayi wa komiti, wochokera kumtunda, waliona. "Ili ndi lakale zedi! La malemu? Pepani, mayi. Limeneli tilipatse ulemu wake." Ndisanayankhe wasomola kapulasitiki, akuti lero n'koletsedwa, tikuteteza nyanja. Waliika pathebulo la zinthu zamakolo, pakati pa nkhafi ndi mono, ndi chikwangwani: OSAGWIRA.

Ine kukangana sindidziwa. Ndangoti zikomo. Zikomo!

A Barnaba andifunafuna m'khamu, ng'oma yayamba, alowa ndi lipenga lawo. Mzere wonse wadutsa, aliyense jumbo ili pa chikho, palibe wowafunsa. Lathu lili phee pathebulo, alendo akulijambula.

Lamulungu

Ndalitenga titatuluka m'tchalitchi. Ndamangapo jumbo ina, ndatseka chitseko, ndayesa ndekha. Lipenga ili suuzira ngati wezulo, umaimbiramo nyimbo ndi kukhosi. Choncho chotuluka ndi mawu a woimbayo. Sabata yonse sindinaganizepo zimenezi: ngakhale a Barnaba akanaliimba, akanamveka a Barnaba.

Amveka anga. Oipa kwabasi.

Mayi woyandikana nane wagogoda, akufunsa ngati mbuzi yakodwa pachingwe. Ndamuuza kuti inde, koma ndaimasula.