Netiweki ya m'chigafa mwanga

Mpaka lero ndikamva munthu akuti "netiweki yavuta", ndimayang'ana pansi ngati wanditchula dzina. Nkhaniyi ndinkafuna kufa nayo, koma poti pamsika wa Santhe anaimva ndi ogulitsa tomato omwe, palibenso chobisa.

Ine ndine mtengwa. Ndimakhala kumudzi kwa amuna anga, koma eni akewo ali ku Joni. Mwana wathu Tadala atayamba kukwawa, bambo ake anatumiza kabokosi koyera konga sopo, akuti rauta, kogawira mafoni intaneti. Ankandigulira bandulo kamodzi pamwezi kuti Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tizionana pavidiyo, aone mmene mwana akukulira. Anandichenjeza kuti, "Amake Tadala, ikatha pakati pa mwezi, basi, tidzaonana mwezi winawo."

Vuto langa ndi pakamwa. Mawu oti "ayi" amandithera pakhosi. Woyamba kupempha pasiwedi anali mlamu wanga Esinati, mlongo wawo wa amuna anga. Ndinapereka. Iye anagawira anzake awiri. Kenako apongozi aamuna anamutuma kuti awaikire pafoni yawo, azionera mpira. Kwathu kuno mtengwa sayang'anizana ndi apongozi aamuna, ukakumana nawo panjira umapatukira kutchire. Ndiye munthu amene sungamuyang'ane n'komwe, ungamukanize bwanji? Nyumba zathu n'zoyandikana, aliyense ankangokhala pakhonde pake n'kumadya bandulo yanga. Inatha mwezi usanafike pakati, ndipo Tadala anamera dzino bambo ake osaliona.

Nditadandaula, bambo a Tadala anaseka. Anandilangiza kuti mufoni mwanga muli kapulogalamu ka rautayo, kosonyeza mafoni onse amene alowa, ndipo pambali pa foni iliyonse pali kaloko.

"Usakanize munthu," anatero. "Ungodina kalokoko, akhala kunja."

Mafoniwo ankaoneka ndi manambala osokoneza mutu, ndiye ndinawalemba mayina oti ndizizindikira. Ya Esinati ndinalemba "Mlamu mavidiyo". Ya apongozi (Mulungu andikhululukire) ndinalemba "Mdala wa mpira". Ndinatsekera onse.

Chaka chimenecho feteleza wotsika mtengo anachedwa mpaka tinayamba kuthyola fodya. Anthu ankaswera pamzere kudepoti, chitupa m'manja, n'kubwerako ndi mawu amodzi okha: netiweki yavuta. Choncho Esinati atabwera kudzafunsa, ine ndinangobwereza omwewo.

"Ngakhale aboma ikuwavuta, mlamu," anadzitonthoza yekha. "Nanga ife ndife ndani?"

Ndikanalekera pomwepo, bwenzi ndili munthu wabwino. Koma tsiku lina ndikusoka fodya ndekha m'chigafa kuseri kwa nyumba, mwana kumsana, Esinati anabwera kudzacheza. Anatola masamba n'kuyamba kundithandiza. Chifundo chinandigwira, ndinapisa dzanja m'chitenje n'kumutsekulira. Foni yake inalira.

"Mlamu! Yagwira! Kani muno imagwira!"

Ndinangoti, "Ooo?" Atanyamuka kupita kwawo, ndinamutsekeranso.

Mawa lake anabwera ndi anzake aja. Lamulo langa, limene ndinkalidziwa ndekha, linali losavuta: wosoka fodya netiweki imamugwira, wongokhala imamuthawa, ndipo mikangala yoyanikapo fodya ikadzaza imathawa onse. Esinati anafika potulukira yekha chifukwa chake. Akuti masamba aawisi amakoka netiweki, ndiye uyenera kuwagwira m'manja. Ine ndinavomera ndi mutu (sukulu ndinalekezera sitandade faifi, ndingatsutsane bwanji ndi wa fomu thu?).

Loweruka ndinaona apongozi akulowa ndi kampando kawo. Ndinathawira kumapeto ena a chigafa. Anakhala chondifulatira, foni anaitsamiritsa pamzati, n'kuyamba kusoka ndi manja awo akale aja, othamanga kuposa athu tonse. Ndinawatsekulira. Mpira utafika pokoma anaika masamba pansi, chifukwa timu yawo inapatsidwa penate. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinadina kaloko. Munthu wamkulu anatola masamba mwachangu, n'kumawagwedeza pamwamba pa foni. Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Pamene ndinkawatsekuliranso n'kuti penate itamenyedwa kale, mpira uli pakati pa bwalo.

Milungu iwiri zinayenda bwino. Fodya anadzaza chigafa, bandulo inalipobe. Ndiye Lachitatu lina pafoni panabwera uthenga wa Chingerezi wochokera ku kapulogalamu kaja, pansi pake pali batani lobiriwira. Chobiriwira ine ndimadziwa kuti n'chabwino. Ndinadina. Timagetsi ta rauta tinaphethira, tinazima, n'kuyakanso.

Lachinayi m'chigafa simunabwere munthu. Ndinamva nyimbo pakhonde la Esinati, kwinaku wolengeza mpira akukuwa kwa apongozi. Ndinatsegula kapulogalamu. Mitundu inali yatsopano, mayina onse analipo, koma kaloko kanalibe. Ndinafufuza paliponse, ndinafika potembenuza foni kuyang'ana kumbuyo kwake. Ndinayesa kuzimitsa rauta, koma mphindi zochepa Esinati anatulukira ndi chaja.

"Kazima, mlamu. Bweretsani ndikatchaje pa sola yanga. Netiweki yachira, pano ikugwira ndi kuchimbudzi komwe!"

Mtima unandiwawa, chifukwa sabata yomweyo Tadala anali atayamba kuima yekha chogwira mpando, ndipo ndinkafuna bambo ake aone Lamlungu. Pakadyedwe kameneko bandulo sikanafika.

Lachisanu ndinabereka mwana, rauta m'chikwama, ulendo wa ku Santhe kwa wokonza mafoni. Bamboyo ndi waluso, koma amalankhula ngati akuitanira minibasi. Ndinamufotokozera monong'ona.

"Mwati chani, mayi? Kaloko kotsekera anthu?" anakuwa. "Aa, munapanga apudeti! Mu yatsopanoyi anakachotsa. Ambiri akulira nazo. Kubwerera kuyakale sizitheka."

"Chonde tsitsani mawu, achimwene."

"Palibe chamanyazi apa! Taonani, onse munkawatsekerawa alowanso. Mlamu mavidiyo. Hehe! Uyu yekha wadya theka. Nanga Mdala wa mpira ndi ndani?"

Kumbuyo kwanga munthu anatsokomola.

"Ndine."

Apongozi. Anachoka pamzere wa feteleza kudzatchajitsa foni, ndipo anali ataima pamenepo kuyambira pa "kaloko". Ndinagwada pafumbi chowafulatira, nkhope kukhoma la kashopu, moti amene anayang'anizana nawo anali Tadala kumsanako. Amayi a tomato anasiya kuitanira malonda.

Iwo sanalankhule nane, mwambo sulola. Analankhula ndi mwana.

"Iwe Tadala."

Tadala anaseka, dovu chuchuchu.

"Uwauze amayi ako kuti fodya ndinasoka uja ndi wa mwana wanga, sindikudandaula. Masamba ndinagwedeza aja, anandiona ndi anthu ochepa. Koma penate ija, Tadala. Penate ija uwafunse kuti ndinawalakwira chani."

Wokonza mafoni anagwira pamimba ndi kuseka. Ine ndinayankhira kukhoma, mawu ngati a udzudzu: "Tadala, uwauze agogo kuti ndinalakwa. Ndimafuna bambo ako akuone Lamlungu."

Kenako apongozi anafunsa wokonzayo ngati pali njira ina.

"Imodzi yokha, mdala... pepani, bambo. Kusintha pasiwedi, n'kumakana pakamwa."

"Sinthani. Mundiikire ine ndi amake mwanayu basi." Apongozi anawerama pang'ono kwa mwana. "Tadala, uwauze amayi ako kuti makina achotsa loko, koma pakamwa sanawachotse. Aphunzire kukana."

Lamlungu bambo a Tadala anaona mwana wawo ataima chogwira mpando, n'kugwa ndi matako, n'kuimanso. Analira munthu wamkulu, ku Joni konko.

Ndinatsimikiza mtima kuphunzira. Ndinayeserera "ayi" kudimba, ndinayeserera pamaso pa mbuzi, mpaka anayamba kutuluka bwinobwino. Lolemba Esinati anafika, nkhope yolimba, foni patsogolo.

"Mlamu, zonse ndamva. Sukulu yanga mwainyoza, manja anga mwawadetsa ndi fodya. Ndakukhululukirani. Tsopano pasiwedi."

Ndinakoka mpweya, ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Kafunseni bambo anu."

Anapitadi. "Ayi" wa apongozi ndinamumva ndili pakhomo panga, wonenepa, wosachita kuyeserera. Kukana sindinaphunzirebe, abale anga, ndinangopeza loko wina. Ameneyu ali ndi imvi, sachoka ndi apudeti, koma Loweruka lililonse amadya bandulo yanga mpaka wosewera womaliza atatuluka m'bwalo, ndipo ine ndilibe pomudina.