Tsiku Limene Ndinagoneka Amayi Ali Bwinobwino

Mpaka lero njinga yamoto ikamveka ikutsika msewu wa kwathu ku Msakambewa, amayi anga sayang'ana njingayo, amayang'ana ine. Ine ndimayang'ana pansi.

Chinali chaka chija sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere, ana atadzaza pansi pa mitengo, boma likusaka aphunzitsi paliponse. Ine ndinali nditatha chaka choyamba pa koleji ina ya uphunzitsi kummwera, kutsidya kwa Shire, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Teremu yomaliza ndinaimalizira mu juzi yaikulu ya mwamuna wanga, kubisa mimba (mwayi wake kunkazizira), ndipo pa tchuthi ndinachira, mwana wamkazi, Tiyese. Abambo ake anali ku ntchito pa esiteti ku Kasungu, ine ndi mwana tili kwa amayi.

Tsiku lotsegulira koleji likuyandikira, mtima wanga sunkakhalanso m'malo. Ndikabwerera kummwera ndiye kuti ndimsiyitse bere mwana woti ngakhale kukhala pansi sanayambe. Ndikapanda kubwerera, satifiketi yapita. Njira inali imodzi: kupempha thiransifa kupita ku koleji ya asisiteri imene inali kuseri kwa mapiri a Dowa, kufupi ndi kwa azakhali anga, kumene ndikanamathamangira kukayamwitsa masana.

Mnzanga wina amene ankadziwa chilichonse (anthu otere sasowa) anandichenjeza kuti ndisayerekeze kutchula za mwana, ati asisiteri akangomva fungo la mkaka basi chitseko chatsekeka. Wailesi masiku amenewo inkangolankhula za ufulu, koma ine sindinkadziwa ngati ufuluwo unali utalowa kale pa geti la asisiteri.

Ndinapita ndekha, nditavala bulauzi yoyera, mwana nditamsiyira amayi. Asisiteri aakulu anali munthu wamfupi, wa magalasi, wolankhula pang'ono. Anaona mapepala anga n'kunena kuti magiredi ndi abwino, malo amodzi alipo koma akuwafuna ndi ambiri. Kenako anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira kusamuka. Ndinati mavuto a pakhomo. Anati otani, n'kukhala chete.

Ine munthu akangokhala chete pamaso panga ndimayamba kulankhula zilizonse. Ndinati amayi akudwala. (Anali atadandaulapo bondo sabata yapitayo, choncho poyamba silinali bodza lenileni.) Anandifunsa ngati akuyenda, ndinati movutikira. Ngati akudya, ndinati phala lokha. Chete wina uja atabweranso ndinawonjezera kuti phalalo timachita kuwamwetsa. Pomwe ndinkaimirira, amayi anga anali atafika pochita kutembenuzidwa pa mphasa.

"Pepani kwambiri, mwana wanga," anatero Asisiteri. "Lamulungu ndili ndi ulendo wa cha kwanuko. Ndidzawazonda mayiwo, yankho lanu ndidzakupatsirani komweko."

Mapiri onse aja ndinawadutsa osawaona. Nditafika kwathu ndinakumana ndi wodwala wanga akuchokera kudambo kothirira nazale ya fodya, Tiyese kumsana, keni kudzanja ili, keni kudzanja ilo, akuimba. Ndinadikira kuti atule kaye, kenako ndinawafotokozera.

"Iwe, wandigoneka? Ine? Nanga bwanji sunagoneke atate ako, poti iwo anagona kale?"

Anakana kwamtuwagalu. Ati matenda sasewera nawo, ukawayerekeza amamva n'kubwera enieni. Ndinalira, ndinagwada, ndinatchula basi ya kummwera. Iwo anangokhala kuyang'ana mdzukulu wawo akuyamwa. Mawa lake anavomera, koma ndi malamulo awo: kubuula sadzabuula, bodza lililonse ndidzalinene ndekha, ndipo asanagone adzayamba athirira nazale.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Asisiteri anali atatumiza uthenga kwa akatekisiti athu kufunsa njira ya kwa amayi anga, aNachisale, amene ali gone. Akatekisitiwo, munthu wachifundo, analengeza m'tchalitchi. Ndipo amayi tsiku limenelo sanaoneke kutchalitchi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Ndiye kwathu kuno wodwala samuzonda munthu mmodzi.

Ndinangoona mzere ukutsika phiri. Mphakati wonse, akhristu onse a m'dera lathu. Wina nkhuni pamutu, wina kambale ka ufa, wina poto wa phala wokutidwa ndi nsalu. Tiyese ndinamthamangitsira kwa alamu anga kuseri kwa nkhokwe, matewera ndinaanula n'kuwaponya m'dengu. Amayi anali gone m'nyumba, afunda bulangeti m'kutentha kwa Okutobala kuja, thukuta lili kamukamu, zomwe kunena zoona zinkawakhala ngati wodwaladi. Mapazi okha ndi amene anandidetsa nkhawa, anali ndi matope a kudambo osauma bwino. Ndinawafunditsa chitenje.

Asisiteri anafika pa njinga yamoto, anavula chipewa, n'kukhala pa mpando pafupi ndi mutu wa wodwala. Anthu anadzaza mpaka pakhonde. Anayamba kufunsa mmene matenda anayambira, aliyense akuyang'ana ine. Ndinati pang'onopang'ono. Mayi wina amene amalima moyandikana nafe anapukusa mutu n'kunena kuti matenda a masiku ano ndi oopsa, iye dzulo lomweli anawaona aNachisale akudumpha ngalande ndi makeni awiri. Anthu anavomereza kuti moyo ndi wosadalirika. Asisiteri anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako mayi wa poto uja anabweretsa phala lija, ndipo ndinawamwetsa amayi anga ndi sipuni, iwo akundiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala.

Nyimbo itayamba ndinaganiza kuti mwina tipulumuka. Ndime yachiwiri isanathe, kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu amene ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika wa pa Dowa. Tiyese anali atadzuka ndi njala. Amene munayamwitsapo mukudziwa chimene thupi limachita mwana wako akalira, silifunsa kuti pali alendo. Ndinamva kutentha pachifuwa, ndipo poyang'ana, bulauzi yoyera ija inali ndi madontho awiri akukula. Ndinatseka ndi buku la nyimbo. Buku linali laling'ono. Ndinapinda manja ngati wozama m'pemphero, mkaka uli chuchuchu mpaka m'chiuno, mwana akukuwa, alamu anga akumuyendetsa uku ndi uku (njira yawo yomutonthozera inali kumuyandikitsa pawindo).

Nyimbo itatha, Asisiteri anagwira dzanja la amayi, analitembenuza, n'kuyang'ana zikhatho zija zolimba ngati mpini. Mofatsa anauza akatekisiti kuti poti zafika apa, ndi bwino atumize munthu kwa Abambo mfumu kuti abwere ndi mafuta odzoza odwala.

Bulangeti linauluka.

"Ayi, pamenepo pokha ayi! Asisiteri, ine ndili bwino, ndathirira fodya m'mawa uno. Wodwala ndi uyu, akudwala mantha. Iwe, katenge mwana ayamwe, usandiphere mdzukulu."

Mayi wa phala uja anafunsa chapansipansi ngati ndi chozizwitsa. Ine ndinatuluka, ndinabwera ndi Tiyese, n'kukhala pansi pamaso pa mphakati wonse ndi pa mkulu wa koleji imene ndinkaipempha malo. Mwana anayamwa ngati palibe chimene chachitika. Ndinkadikira mawu oti ndiiwale za malo aja.

Asisiteri anadikira mpaka mwana atakhuta. Anamunyamula, n'kumugogoda pamsana kuti ageye. Anandiuza kuti pa koleji pawo pali kale amayi oyamwitsa angapo, ndipo ndikanangonena za mwanayu tsiku lija akanandiyankha pomwepo, popanda kuwotcha petulo. Ndinafunsa ngati malo aja atha.

"Mubwere tsiku lotsegulira. Koma ufa ndi nkhuni za anthuzi mubweze nokha, khomo ndi khomo, mukufotokoza."

Ndinabweza. Khomo lililonse linkandikhazika pansi kuti ndiyambire pachiyambi, ndipo ena ankaitana anzawo. Amayi anakhala osandilankhula mpaka fodya atawokeredwa, makamaka chifukwa bondo lija linatupadi sabata yotsatira ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzawazonda.

Satifiketi ndinaipeza, ndikuphunzitsa ku Kasakula. Ndinganame kunena kuti mantha anandithera. Ahedi akangondiitana mu ofesi n'kukhala chete, ndimamva pakamwa panga payamba kale kusaka wachibale woti adwale. Chimene ndinaphunzira n'choluma lilime mpaka iwo ayambe kulankhula. Koma mwana wa m'kalasi mwanga akajomba n'kudzandiuza kuti amayi ake ali gone, sindimukalipira. Ndimamuuza kuti pepa, n'kumufunsa njira ya kwawo.